Chingwe cha pa Khosi la Loya

Mphete inasowa pakati pa pitsa ndi ayisikilimu.

Loya anapisa dzanja m'khosi mwa diresi lake, monga ankachitira akakhuta kapena akakhumudwa, ndipo chimene anasolola chinali chingwe chofiira chokha, chopanda kanthu. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana bambo ake. Kenako anakuwa mpaka ana onse amene ankagubuduka m'timipira kumalo osewerera anangoti zii.

"Mphete ya amayi palibe!"

Sajeni, mayi ake aang'ono a Loya, anaika foloko pansi. Mpheteyo inali yaukwati ya mkulu wake, malemu mayi a Loya. Chimwalirireni mayiyo, mwanayo ankaivala pakhosi kusukulu, kubafa ngakhale pogona. Ukayerekeza kuikhudza unkadziwa chifukwa chake anamutcha Loya: kamwana kongoyamba kumene sukulu, koma kosagonja pa mlandu.

Tsikuli Sajeni sanali pa ntchito. Yunifolomu anaisiya kunyumba, koma maso aupolisi savulidwa ngati nsapato. Mlamu wake, bambo ake a Loya, anamuitana pamodzi ndi amayi a Sajeniyo kumalo odyerawa masana a Loweruka kuti adzaone mkazi amene akufuna kumukwatira. Anasankha mochenjera mlamuyo. Pamalo pamene pali nyimbo, zibaluni ndi anthu achilendo, apongozi sangakweze mawu.

Apongoziwo, omwe aliyense ankangowatchula kuti Agogo, anakhala kukhoma atavala juzi ngakhale kunkatentha. Anali telala wopuma, ndipo chingwe chofiiracho anachipota ndi iwo. Pambali pawo panali mlendoyo, mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka, wovala diresi lobiriwira. Kumapeto kwa tebulo, pampando wautali wa ana, kunali mng'ono wake wa Loya. Ankamutcha Nduna chifukwa cha kamimba kake komanso chifukwa kulikonse ankapita atanyamulidwa.

Sajeni sanawakonde Aphunzitsiwo, ndipo sankafuna kuwakonda. Anali ofatsa mopitirira, ndipo kufatsa koteroko iye anakuona kambirimbiri pa anthu ovala unyolo.

"Aliyense akhale pomwe ali," anatero.

Anagwada n'kusuzumira pansi pa tebulo. Anapezapo tchipisi choponderezedwa ndi nsapato imodzi ya Nduna. Anamukutumula Loya diresi, anamuvula masokosi, osapeza kanthu. Ndiyeno anatenga chingwe chija n'kuchiyang'anitsitsa pa kuwala kwa windo. Mfundo inali yolimba monga kale. Chingwe chikaduka chokha chimasiya timaulusi, koma ichi chinali chosalala kumapeto, chodulidwa mopendekera.

"Sichinaduke ichi," anatero Sajeni motsitsa mawu. "Wina wachidula."

* * *

Anayamba ndi woperekera zakudya, mayi wojintcha wovala kachipewa kapepala, amene anayamba kudziteteza asanafunsidwe n'komwe.

"Ine mayi, ndili ndi ana anganga, za eni sindigwira. Foni anthu amaiwala pano, ine kuthamanga nayo mpaka pageti. Funsani aliyense."

"Sindinanene kuti mwaba. Patebulo pathu munabweretsa mpeni?"

"Mpeni? Iii, ayi! Matebulo a kufupi ndi kosewerera ana sitiikapo mipeni, ndi lamulo la pano. Pitsa timadulira kukhitchini. Kale mwana wina anafuna kumeta nawo mnzake, ndiye abwana anati basi zatha."

"Nanga mwaona chiyani?"

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kubisa pakamwa ndi thireyi.

"Sindifuna kuipitsa munthu, komatu aja a zobiriwira aja, dzanja lawo silikhazikika. Ndabweretsa botolo, chitsekerero chalowa m'thumba. Zotokosera m'mano, m'thumba. Ine mumtima ndimvekere, kaya kwawo kulibe?"

"Mwana wamkaziyo anamukhudza?"

"Anamupukuta tomato sosi pachibwano mpaka m'khosimu. Ndaona ndi maso angawa."

Mtima wa Sajeni unasekerera, ndipo sanachite nawo manyazi. Manejala, bambo wa tayi yopyapyala amene ankangopepesa chilichonse, sanathandize kanthu. Kamera yawo, anatero, inkayang'ana pakauntala basi.

Sajeni anabwerera patebulo n'kuyamba ndi mlamu wake.

"Alamu, munachokapo pano?"

"Kamodzi. Kukagula ayisikilimu. Mzere unali wautali." Mlamuyo anali munthu wa mawu ochepa ngakhale pa tsiku labwino. "Inu munali panja, pafoni."

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa Sajeni. Foni ya kuntchito inamutulutsa panja nthawi yeniyeni imene maso ake ankafunika.

"Nanga inu Aphunzitsi?"

"Ndinapita kukatsitsa Nduna," anayankha mwaulemu. "Anakwera pamwamba pa chotsetserekera n'kuyamba kuopa kutsika."

"Mwana ameneyu munamugwira pakhosi?"

"Ndinamupukuta, inde. Koma chingwecho chinali m'kati mwa diresi, sindinachione."

Agogo anaguguda pakhosi. Sanadikire kufunsidwa.

"Ine ndinapita naye mwanayu kukasamba m'manja, mphete ili pakhosi pake, ndinaiona. Tibwerereko ndi pomwe anthu ena anayamba kumusisita. Sindikutchula munthu ine. Koma poti tonse ndife oyera mtima, bwanji aliyense atsegule chikwama? Ndiyamba ndine, nkhalamba."

Anakhuthulira chikwama chawo patebulo: magalasi, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chipeso, ndi mpango woyera wopindidwa bwino. Sajeni anatsegula chake. Mlamu anatembenuza matumba a thalauza.

Aphunzitsi sanagwire chikwama chawo, chimene chinali chokolekedwa kumpando. Anangomuyang'ana mwamunayo, kudikira kuti awalankhulire. Iye maso anali pa mbale.

"Tsegula," anatero, "nkhani ithe."

Anatsegula. M'kati munali foni, mafuta odzola ndi kachikwama ka ndalama. Sajeni anapisa chala m'kathumba kakunja, kaja kopanda zipi, ndipo chala chinagunda kanthu kozizira.

Mphete inagwera patebulo n'kuzungulira pakati pa mbale.

* * *

Agogo anagwira kumutu. "Mwana wanga ine! Ali m'manda akumuberabe!"

Anthu a matebulo oyandikana anasiya kutafuna. Wina anali atakweza kale foni. Loya anatola mphete n'kuifumbata, ndipo mlamu anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Manejala anafika akupotokola tayi.

"Pepani, pepani kwambiri. Tiitane apolisi?"

"Apolisi ndi ine," anatero Sajeni. "Uzani bambo awo atsitse foni."

"Sindikudziwa kuti yalowamo bwanji," anatero Aphunzitsi.

Mawu amenewo Sajeni anawamvapo kwa wakuba aliyense, kuyambira wa nkhuku mpaka wa galimoto. Anawatengera mayiwo pambali, pafupi ndi shelefu imene ana ankasiyapo nsapato polowa kosewerera. Mlandu unali ngati watha. Chimene chinatsala chinali chodulira, ndipo wapolisi amene wapeza katundu koma osapeza chida amakhala ngati wavala nsapato imodzi.

"Munadulira chiyani?"

"Sindinadule. Chikwama mwachiona nokha. Ndidule ndi mano?"

"Khuthulani matumba."

Aphunzitsi anazengereza, ndipo Sajeni anati mumtima, wagwidwa. Koma zimene zinatuluka m'matumba a diresi lobiriwira zinali zitsekerero za mabotolo, zotokosera m'mano, chidutswa cha baluni lophulika, kakrayoni kothyoka, ndi kachidutswa ka kapaipi komwera juwisi.

"Mumabanso zinyalala?"

Mayiwo anamwetulira pang'ono, misozi ili m'maso.

"Ndimakhala ndi tiana tokwawa tsiku lonse, Sajeni. Kalikonse kotha kutsamwitsa mwana, dzanja langa limatola lokha, mutu osadziwa. Ndikafika kunyumba ndimakhuthula matumba ngati nkhuku yofukula kudzala."

"Ndiye mphete nayonso dzanja linatola lokha?"

"Ikanagwa pansi, mwina. Koma ikanalowa muno, osati m'chikwama. Chikwama chija sindinachigwire chikhalireni pansi." Anamuyang'ana Sajeni m'maso. "Ndikupempheni chinthu chimodzi. Ntchito yanga ndi ana a anthu. Mbiri iyi ikafika kusukulu, palibe kholo lidzandisiyirenso mwana. Ukwati ungathe, ndilira n'kutonthola. Koma musandisiye ndituluke muno ndili wakuba."

Sajeni anayang'ananso zimene zinatuluka m'matumbamo. Maso ake anali pa kachidutswa ka kapaipi kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakatola, n'kukatembenuza. Sikanali kolumidwa ndi mano a mwana, kapena kothyoledwa. Kanali kodulidwa mosalala, mopendekera.

"Aka munakatola pati?"

"Pansi pa mpando wa Nduna. Kapaipi kake kanali katali, kankamubaya m'kamwa. Pobwera kokamutsitsa ndinapeza wina wakafupikitsa. Ndinaganiza kuti ndi mayi operekera aja."

Sajeni anatulutsa chingwe chofiira n'kuchigundanitsa ndi kapaipiko. Kupendekera kwake kunali kumodzimodzi. Iye anakulira pansi pa makina osokera, ndipo ankadziwa anthu amene amadula chilichonse mopendekera: aja amene moyo wawo wonse akhala akudula ulusi kuti ulowe pa diso la singano.



* * *

Loya anamupeza atakhala m'kanyumba kapulasitiki kumalo osewerera, mphete ili m'chibakera. Sajeni anavula nsapato monga lamulo linkanenera, n'kukwawa mpaka pakhomo pa kanyumbako, maondo akudandaula.

"Loya, ndili ndi mlandu wovuta. Undithandiza?"

"Anti a zobiriwira muwamanga?"

"Sindinadziwe. Ukufuna ndiwamange?"

Mwanayo anakweza mapewa. "Anandipatsa tchizi cha pa pitsa yawo. Koma kuba n'koipa."

"N'koipadi. Tandiuza, kosamba m'manja unapita ndi ndani?"

"Ndi agogo. Koma nawonso andilakwira."

"Akulakwira chiyani?"

"Anayatsa chimakina cholira chija choumitsa m'manja! Akudziwa kuti ndimachiopa. Masiku onse amandipukuta ndi mpango. Ndinawauza kuti mpango muli nawo, iwo akuti wada." Loya analoza chala m'mwamba ngati ali m'khoti. "Sunade! Ndauona patebulo, ndi woyera mbee!"

"Ndiye chitalira unatani?"

"Ndinatseka maso ndi makutu, chonchi. Agogo anandigwira kukhosi kuti ndisathawe."

Sajeni anakhala pansi pakati pa timipira. Amayi ake ankadana nacho chimakina chimenecho kuposa mwanayo. Ankati chimalira ngati ndege ndipo chimangomwaza matenda. Ndipo pamene mlamu anali pamzere, iye ali panja, Aphunzitsi ali pa chotsetserekera, Loya atabwerera kotimipira, patebulo panatsala munthu mmodzi yekha ndi zikwama.

Anakumbukiranso zimene zinatuluka m'chikwama cha amayi ake, ndi chimodzi chimene sichinatuluke. Munthu amene amakhoma ngakhale kabati ya mbale sangachoke pakhomo wopanda makiyi.

Khoswe anali atakhala pa mkhate.

* * *

"Amayi, tandiperekezeni kosamba m'manja."

Agogo anabwera akukoka mapazi. M'chipindamo munali iwo awiri okha, magalasi, ndi chimakina chija pakhoma. Sajeni anatsamira chitseko.

"Makiyi a kunyumba ali kuti?"

"Makiyi atani? Wakuba wapezeka, iwe ukufunsa makiyi?"

"Ali m'thumba la juzi. N'chifukwa chake simunaivule kutentha konseku. Ndipatseni."

"Iwe mwana, ukulankhula ndi amako."

"Ndikudziwa amene ndikulankhula nawo. N'chifukwa chake tili muno, osati patebulo."

Anayang'anizana. Sajeni anafunsapo zigawenga zokhala ndi zipsera kumaso osaphethira, koma apa anadzimva ngati tsiku limene anathyola singano ya makina osokera ali kamtsikana. Dzanja lokha silinabwerere m'mbuyo.

Makiyi analira potuluka m'thumba. Pakati pawo pankalendewera kasizasi kopinda, kaja amayi ake ankadulira ulusi iye asanabadwe.

"Mukanangodula chingwe chokha, sindikanadziwa," anatero Sajeni. "Koma munaona kapaipi kakumubaya Nduna, mtima wa agogo sunapirire."

Agogo anatsamira sinki. Nkhope yawo inagwa, ndipo mwadzidzidzi anaoneka okalamba kwambiri.

"Ndiye undimanga?"

"Ayi."

"Basi sunga pakamwa. Chibale ndi fupa, sichiola. Mayiyo ndi wamng'ono, akapeza mwamuna wina. Ine ndikapeza kuti mwana wina? Mkulu wako anapita. Chimene anandisiyira ndi tiwiri timeneti. Lero akuti anti, mawa aziti amayi. Nduna nkhope ya mayi ake saikumbuka n'komwe. Adzasamuka, adzabereka awo, ine ndizidzangomva kuti ana akula." Anatembenukira kwa Sajeni. "Iwe sizikukuwawa?"

"Zikundiwawa," anatero Sajeni, ndipo misozi inamutsika osaipukuta. "Nanenso sindiwafuna mayi aja. Mphete itapezeka m'chikwama mwawo ndinasangalala, amayi. Ndinasangalala ngati ndawina mpikisano. Koma sanabe. Akatuluka muno ndi dzina la wakuba, ntchito yawo yatha. Ndipo mwamuphunzitsa Loya kuti munthu womupatsa tchizi akhoza kumubera amayi ake."

"Ukusankha mlendo kusiya amako?"

"Mukanena nokha, kapena ndikanena ine. Kusankha kwake n'komweko."

Agogo anatembenukira kusinki. Anatsegula mpopi, anasamba kumaso, n'kufunafuna mpango umene unatsala patebulo.

* * *

Atabwerera anapeza Aphunzitsi ataimirira, chikwama chili paphewa. Mlamu anaima pambali manja ali lende. Ayisikilimu anali atasungunuka m'timbale. Loya anali atabwerera pampando wake, ndipo Nduna yekha ndiye ankasangalala, akumenya tebulo ndi supuni.

"Dikirani kaye, Aphunzitsi," anatero Sajeni.

Anaika patebulo chingwe chofiira, kachidutswa ka kapaipi, ndi makiyi, kasizasi kali kotambasula. Anawayang'ana amayi ake n'kudikira. Nyimbo ya m'malo odyeramo inatha, ina n'kuyamba. Agogo maso anali pa zibaluni. Sajeni anakoka mpweya kuti alankhule, mtima ukumuuza kuti pakhomo pa amayi ake sadzalandiridwanso ngati kale.

"Ndine," anatero Agogo, mawu ali okhakhala. "Ndinadula ndine. M'chikwamamo ndinaika ndine. Mayi awa sanakhudze kanthu."

Woperekera zakudya, amene ankapukuta tebulo loyera kale chapafupi, anagwira pakamwa. Mlamu anakhala pansi mwadzidzidzi.

Loya anawayang'ana agogo ake nthawi yaitali, nsidze zitakumana. Sajeni anadikira chigamulo choopsa. Koma mwanayo anafumbatula dzanja.

"Agogo, mumafuna kuvala mphete ya amayi? Mukanangondiuza. Ndikanakubwerekani."

Agogo anaphimba nkhope ndi mpango woyera uja, mapewa akugwedezeka.

Aphunzitsi sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mwamunayo, ndipo kufatsa kuja kunali kutatha.

"Iwo ndi kholo lolira mwana wake, ndikhoza kuwamvetsa. Koma inu munati nditsegule. Simunati, 'Uyu ndikumudziwa.' Munati nditsegule nkhani ithe."

"Ndinalakwa," anatero mlamu. "Khala pansi, chonde."

"Ndikhalirenji?"

Sajeni anadabwa kuona kuti akuopa. Mayi amene poyamba paja ankafuna atasowa, tsopano ankaopa kuti apita. Aphunzitsi anakonza lamba wa chikwama n'kuponda phazi limodzi kulowera kukhomo.

Nthawi yomweyo Nduna anataya supuni. Anaona chinthu chonyezimira pakati pa makiyi, anadzikoka pampando wake wautali, n'kutambasula kadzanja konona kulunjika kunsonga ya kasizasi. Bambo ake maso anali pansi. Agogo nkhope inali mu mpango. Sajeni anali kutsidya kwa tebulo.

Dzanja la Aphunzitsi linafika poyamba. Linatola makiyi, linapinda kasizasi, n'kuponya zonse m'thumba la diresi lobiriwira, mwini wake akuyang'anabe kukhomo. Nduna analira mokwiya, n'kugwira lamba wa chikwama chawo ndi manja onse awiri.

Aphunzitsi anayang'ana thumba lawo, ngati akudabwa kuti lalemera liti. Anayang'ana kadzanja kamene kanawagwira. Kenako anapumira m'mwamba, n'kukoka mpando.

"Sindinakhululuke," anatero. "Ndangokhala pansi."

"Zamveka," anatero Sajeni, n'kukodola mayi wa kachipewa kapepala. "Tibweretsereni ayisikilimu wina, uyu wasanduka madzi. Ndipo amayi, makiyi a kunyumba kwanu ali m'thumba mwa Aphunzitsi. Mukafuna kukalowa m'nyumba lero, muwapemphe nokha."